Masamba Opanda Maliro

Linali Lachitatu, chapakati pa mwezi wa Juni, chaka chimene ndinali mu Sitandade 6. Dzuwa linali litapendeka. Ine ndinali nditakhala kuseri kwa khola la mbuzi, kabuku kanga pabondo, pensulo m'kamwa, ndikulephera kulemba ngakhale liwu limodzi. Juni wa kuno ku Mwanza mukumudziwa mmene amalumira, koma tsiku limenelo sikunali kuzizira kokha ayi.

Ana inu mwandivutitsa kokwanira. Nthawi zonse mukabwera pa njinga yamoto kuchokera kwa azakhali anu kuseri kwa phiri, funso limakhala lomwelo: "Agogo, bwanji msewu uja umakhota chonchija pa misuku paja, popanda mwala, popanda dzenje?" Iwe Tadala unafika ponena kuti amene anautsegula anali ataledzera. Pepa mwana wanga, munthu ameneyo mowa sankaulawa n'komwe. Khalani pansi ndikuuzeni. Yamikani, foniyo ilowe m'thumba, manja amenewo asende manachesi.

Kabuku kaja linali kope lakale la masamu limene linatsala ndi mapepala oyera kumapeto. Ndinkalembamo madzulo aliwonse, chifukwa pakamwa panga panali polemera. Inu mukundidziwa ndili wolongolola chonchi, koma ndili mtsikana, mlendo akandipatsa moni ndinkayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi. M'kalasi yankho ndinkalidziwa, koma mkono sunkakwera. Zimene zinkakanika pakamwa ndiye zinkapita m'kabukumo: kuti mbuzi yaswa, kuti kwagwa chifunga, kuti ndalota ndikuwoloka mtsinje wodzaza. Maina a anthu sindinkalemba. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo ngakhale mwana ankadziwa kuti pepala likhoza kukupereka. Kabukuko chiswe chinadya kalekale, koma za tsiku limenelo zilipobe m'mutumu.

Nkhalango mukuiona leroyi, ya zitsa ndi maenje a makala, si imene ndikunena ine. Kalelo ukalowamo masana unkayesa kwayamba kuda. Munali milombwa yoti anthu awiri sangaikumbatire, miwanga, mibawa m'mbali mwa mitsinje, ndi misuku yosawerengeka. Yonseyo inali ya boma. Akuluakulu ankati boma linabwera iwo ali ana, n'kuzika miyala ya simenti m'malire, ndipo manda a mudzi wathu anatsalira mkati. Chaka ndi chaka amuna ankalambula mzere wotchinga moto m'malire monsemo, ndipo mzere umenewo ndiwo unali njira yanga ya kusukulu. Kumanja minda yathu, kumanzere za boma.

Kulowamo ankatilola, koma ndi miyendo yokha. Bowa zula, masuku tola, mphalabungu dzaza m'chitini, nkhuni zouma senza pamutu. Nkhwangwa ayi. Ngolo ayi. Njinga, ngakhale yongokankha, ayi. Alonda a nkhalango ankati matayala amapha timitengo tongomera kumene ndipo amatsegulira madzi njira. Bokosi la maliro ankachita kulinyamula pamapewa kukwera nalo mpaka kumanda, kaya womwalirayo anali wonenepa bwanji. Abambo anga, agogo a makolo anu, anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri, Bulaki ndi Kapiteni. Tsiku lina anangoilowetsa pang'ono kukatenga mtengo umene unagwa wokha ndi mphepo. Alonda anawalanda goli ndi matcheni, ndipo ngoloyo inakhala pabwalo nyengo yonse nkhuku zikuikiramo mazira.

Anthu ankang'ung'udza, koma chamumtima. Amene anayesa kunena mokweza anali a Zuze, mkulu wina wanthabwala amene mayi ake anali a ku Zobue kutsidya kwa malire a dziko, wolankhula mosakaniza Chinyungwe. Iwo ananena pamowa kuti, "Nkhalango ya boma, nkhalango ya boma! Bomalo linadzala mtengo uti? Tandilozerani umodzi." Anthu anaseka. Sabata isanathe kunabwera galimoto kudzawatenga. A Zuze anadzabwerako patapita nthawi yaitali, ndipo nthabwala anazisiya komweko. Ankangokhala pakhonde, ukawapatsa moni ankayamba acheuka kumbuyo kenako n'kuyankha.

Musaiwale kuti kutsidya kwa malire a dziko kunali nkhondo. Mphepo ikachokera kumeneko tinkamva mfuti, ngati munthu akukung'untha mphasa patali. Anthu othawa ankadutsa ndi mitolo pamutu, ana kumbuyo, mapazi otupa. Choncho mawu oti chigawenga sanali ongoseweretsa. Akakumata mawu amenewo, ngakhale abale ako ankaopa kufunsa kumene wapita.

Tsopano anyamata inu, zimene ndinene apazi kale simukanazimva. Mukanathamangitsidwa kukaona mbuzi. Koma dziko linasintha, mverani.

Dzinja la chaka chimenecho amayi anga anali oyembekezera. M'mawa wina ananditumiza kwa azakhali popanda chifukwa. Pobwera ndinapeza amayi agona, mimba palibe, mwana palibe. Panalibe wolira, panalibe nyimbo, abusa sanabwere. A Nachisale, azamba a m'mudzi mwathu, anangondiuza kuti, "Mlendo wabwerera. Kawatungire madzi amako." Basi.

Ndinadzamvetsa pambuyo pake. Mwana wobadwa wakufa, kapena womwalira asanatuluke m'chikuta, ankatchedwa nthayo. Ameneyo sankamulira. Ankakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda bokosi, popanda mtanda, m'mphepete mwa manda kunja kwa mitumbira ya akuluakulu. Dzenje lake linkakhala losazama, chifukwa ankati ukamukwirira pansi kwambiri watseka mimba ya mayi wake. Mwamuna sankapitako, sankafunsa, ndipo sankauzidwa malo ake, ngakhale bambo wake wa mwanayo. Umenewo unali mwambo, ndipo amayi a m'mudzi ankausunga kolimba.

Titakolola, kunamveka kuti bwana wina wamkulu m'chipani, wa ku Blantyre, wapatsidwa chilolezo chodula milombwa m'nkhalango muja. Alonda omwe aja analanda goli la abambo ndiwo anabwera kudzalengeza kuti kulowa thirakitala. Palibe anafunsa ngati matayala a thirakitala sapha timitengo. Aliyense anakumbukira a Zuze.

Inabwera yofiira, ikukoka ngolo yachitsulo, utsi uli tolotolo. Ana tonse tinathamangira kumsewu. Woyendetsa anali a Jafali, Msilamu wa ku boma, wa banja la matelala ndi eni magolosale, bambo wowonda wovala kofia yoyera. Ankagona m'kalasi ina yosatha kumanga kusukulu kwathu, thirakitala ataimika pafupi ndi mjigo. Manachesi ankawakonda ngati mwana. Tsiku lina amayi anandituma kukawapatsa m'kambale. Nditafika anati, "Eee, asukulu! Zikomo kwambiri. Dzina ndani?" Ine kambale pansi, liwiro. Ndinamva akuseka kumbuyo: "Kodi ndasanduka fisi ine?"

Vuto linali njira. Kuti thirakitala ifike ku milombwa, njira yachidule inkadutsa pakati penipeni pa manda. Amuna anasonkhana ndi alonda ndi a Tcheyamani a chipani a m'dera lathu. Kukana sikukanatheka. Abambo anga, munthu wofatsa, ndiwo anapeza mawu oyenda nawo. Anati, "Bwana Tcheyamani, chitukuko tikuchifuna kwambiri. Kungoti pamanda paja pali zitsa ndi mitumbira yofewa, chitsulo cha bwana chingatitimire, ife n'kuchita manyazi. Bwanji idzere kumunsi, m'mphepete?" Anavomera. Abambo anatsogola ndi chikwanje, akusema makungwa a mitengo kuti olambula atsatire.

Anabwera kunyumba nkhope ili ngwee. Amayi anali pakhonde akupeta mtedza.

"Amake Eneresi, makolo tawapulumutsa. Sidutsanso pamanda."

"Idutsa pati?"

"Kumunsi, pa misuku paja. Pamene paja ndi thengo chabe, palibe kanthu."

Lichero linapendekeka, mtedza mbwee pansi. Nkhuku zinathamangira. Amayi anawerama n'kuyamba kutola umodziumodzi, ndipo ali chiweramire anati, "Mwachita bwino, bambo a Eneresi."

Nditakula anadzandiuza okha kuti anapita kwa a Nachisale tsiku lomwelo. A Nachisale analira nawo, koma anati, "Mwana wanga, izi kwa amuna sitinena. Ndipo ngakhale titanena, boma limva za nthayo? Angoti amayi a mudzi uno akukana chitukuko. Ukufuna galimoto ibwerenso?"

Olambula anadula tchire mpaka anafika pa misuku. M'mawa mwake thirakitala inanyamuka, gu gu gu, kukwera mzere uja. Itafika pokhotera kulowa m'nkhalango, a Jafali anapeza nthambi za masamba aawisi zitayalidwa bwinobwino kupingasa njira.

Izi ndiye mukuzidziwa, mpaka lero timachita. Pakagwa maliro timayala masamba pamsewu. Wa galimoto amachepetsa liwiro, wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, kupatula anzanu a njinga zamotowa amene amangodutsa ngati akuthawa njuchi. Ndiye masamba akakhala panjira yolowera kumanda, ndiye kuti anthu akubwera kudzaika. A Jafali anazimitsa injini, anatsika, n'kukhala pamwala kudikira kuti maliro adutse. Anadikira mpaka dzuwa pamutu. Kunalibe maliro. Anyamata a chipani anabwera n'kutaya nthambizo kutchire, koma a Jafali anatsegula chitsulo cha kutsogolo, anasuzumiramo, n'kunena kuti injini yatentha, lero siyenda.

M'mawa winawo, masamba ena atsopano, pamalo pomwepo. Thirakitala sinadutsenso.

Mudzi unazizira. Masamba opanda maliro! Akuluakulu anati kumeneko n'kulaula, wina akuitana imfa. Munthu akatsokomola, anzake ankayang'anizana. Ana tinaletsedwa kusewera kunja dzuwa likangolowa. Kutchalitchi anapempherera mudzi. Koma a Tcheyamani anali ndi maganizo ena, ndipo ndiwo anali oopsa kuposa malodza. Iwo anati masambawo ndi chizindikiro, wina m'mudzi muno akulozera njira anthu amfuti a kutsidya.

Ndiye tafika pa Lachitatu lija. Linali tsiku langa losesa m'kalasi, choncho ndinalawirira kusanayere bwino. Chifunga chinali chitagwira phiri lonse. Ndinkayenda mumzere muja, tsache m'khwapa, mbatata yootcha m'thumba la yunifolomu ikundifunditsa. Nditayandikira pa misuku ndinaona chinthu chikuwerama, kudzuka, kuweramanso. Ndinati ndaona mzukwa. Kenako ndinazindikira chitenje, chija cha mawanga a nkhanga chimene ndinachapa ndekha Loweruka.

"Amayi?"

Anatembenuka, nthambi ili m'manja. Sanadzidzimuke ngati wakuba ayi. Anangondiyang'ana motopa.

"Ukutani kuno m'mawa muno?"

"Ndi tsiku langa losesa."

Ndinasuntha kuti ndiwayandikire, koma anandigwira pamkono mwamphamvu. "Usaponde apo."

Ndinayang'ana pansi. Panalibe chilichonse, masamba ouma a msuku basi, ndi kaphale ka mphika kokwiririka theka. Pamwamba pake, pa thunthu la mtengo, panali bala loyera la chikwanje cha abambo.

"Mlongo wako ali apa," anatero. "Apo pali wa azakhali ako. Uko mapasa a kwa a Nachisale. Onsewa ali pafupi, mkono umodzi sukwana." Mawu awo anali ouma, ngati akuwerenga mbuzi. Kenako anasweka. "Sindinamulire. Sanamuimbire nyimbo. Sitinamuikire ngakhale tsamba limodzi panjira. Ndiye lero chitsulo chimufukule, agalu amupeze, ine ndili moyo?"

"Bwanji osawauza abambo?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti chikwanje chawo chomwe..." Sanamalize. Anandikonza kolala ya yunifolomu, manja awo akununkha utomoni. "Pita kusukulu, Eneresi. Sunandione."

Tsiku limenelo sindinamve chilichonse chimene aphunzitsi ananena. Mbatata ija ndinabwerera nayo.

Chakumasana belu linalira nthawi yake isanakwane. Tinatuluka n'kupeza mudzi wonse ukukhalitsidwa pansi pabwalo la sukulu, amuna uku, amayi uku, aliyense khadi la chipani m'manja. Anyamata a chipani anaima mozungulira ndi ndodo. A Tcheyamani anali munthu wamfupi, wovala jekete lowakulira. Masiku ena ankasewera bawo ndi abambo, ankatipempha ngakhale mchere. Koma akavala jekete limenelo ankakhala munthu wina. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti nawonso ankaopa amene anali pamwamba pawo. Tsiku limenelo sindinaone zimenezo. Ndinaona nthambi ya masamba ofota imene anaikweza m'mwamba.

"Wamwalira ndani m'mudzi muno?" anafunsa.

Anagwedeza nthambi ija pamaso pa anthu.

"Ndati wamwalira ndani? Palibe? Ndiye masamba awa ndi a ndani? Nkhalango iyi ndi ya boma. Njira iyi yatsegulidwa ndi boma. Wotseka njira ya boma ndi ndani, anthu inu?"

"Chigawenga!" anayankha anyamata aja.

Anatembenukira kwa a Jafali, amene anaima potsamira tayala. "Nanga inu adalaivala, anakutumani kudzadikira maliro kuno?"

A Jafali anayankha mofatsa. "Bwana, ine chiyambire kugwira chiwongolero sindinapondepo masamba ndisanamve kuti wagona ndani. Komanso injini ikutentha."

"Mawa itenthe, isatenthe, idutsa. Ikapanda kudutsa kubwera dalaivala wina, ndipo inu mukafotokoza bwino kutsogoloko."

Kenako maso awo anayenda pa ife ana asukulu, mzere ndi mzere, mpaka anaima pa ine.

"Iwe, mwana wa a Nankhoma. Imirira. Si iwe umadzera njira ya kumalire m'mawa?"

Ndinaimirira. Amayi anali chapatali pang'ono, atafunda chitenje chomwe chija cha mawanga a nkhanga, m'munsi mwake musanaume mame. Ndinkaona ngati aliyense akuona mamewo.

"Unaona ndani lero?"

Ndinatsegula pakamwa. Simunatuluke kanthu. Kunama sindinkatha, zoona sindikanatha kunena, ndiye ndinangoima, kukamwa yasa, misozi ikutsika. A Tcheyamani anayandikira mpaka ndinamva fungo la fodya.

"Ulibe lilime?"

Anandipulumutsa ndi mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, wopusa ndithu, amene anafuula kumbuyo kuti, "Ameneyo salankhula, bwana! Ngakhale aphunzitsi anamulephera!" Ana anaseka, akuluakulu ena anasekako pang'ono, ndipo a Tcheyamani anakweza dzanja monyansidwa. "Khala pansi, mbuzi iwe." Mnyamata wopusayo ndi agogo anu aamuna, Mulungu awasunge kumene ali. Musaseke, nkhani yake ndi ina.

Chomaliza ndicho chinandimaliza. A Tcheyamani anati mawa kusanache anyamata akabisala pa misuku paja, ndipo wogwidwa ndi tsamba m'manja sadzaweruzidwa m'mudzi muno, galimoto idzachita kumutenga. "Ndipo inu bambo a Eneresi, poti njirayi munasankha ndinu, mukawatsogolera ndinu."

Abambo anati, "Chabwino, bwana." Akanati chiyani?

Titafika kunyumba, abambo anakhala pa ngolo yawo ija, mutu uli m'manja. Ndinawamva akuuza amayi kuti, "Amake Eneresi, mundipempherere. Ameneyo asakhale munthu womudziwa." Amayi anati, "Ndikupemphererani," n'kulowa m'nyumba.

Ine ndinatenga kabuku kanga n'kuzungulira kuseri kwa khola, kumene ndinkabisala ndikafuna kulemba. Nditakhala, ndinaona chiguduli chitavundikira chinachake pafupi ndi mpanda. Ndinavundukula. Nthambi zaziwisi, zothyoledwa kumene, zomangidwa bwino ndi luzi.

Pamenepo ndi pamene ndayambira nkhani ija, pensulo m'kamwa.

Amayi anandipeza pomwepo akubwera kudzatsekera mbuzi. Anaona kuti ndaona.

"Amayi, mawa musapite." Ndinanong'ona. "Abambo akakhala komweko."

"Ndamva."

"Akutengani ngati a Zuze."

"Ndiye amuponde?"

Iwo anatseka chitseko cha khola, anamanga chingwe, n'kubwerera kunyumba. Ndinadziwa kuti apita. Amayi anga sankakweza mawu, koma akatsimikiza chinthu anali ngati chitsa cha muwanga.

Ndinakhala pamenepo dzuwa likulowa, ndikuwerenga anthu m'mutu. Abambo sangauzidwe, ndipo atauzidwa akanatani, atapanidwa kale chonchija? A Nachisale anakana. Alonda ndi a Tcheyamani, amenewo ndiye ayi. Anatsala munthu mmodzi yekha, amene anafunsa funso loyenera pamaso pa mudzi wonse: wagona ndani? Chiwongolero chinali m'manja mwake. Sanali wa mudzi wathu. Ndipo ine ndinali ndisanalangizidwe, panalibe mayi wamkulu amene anali atandikhazika pansi n'kundiletsa kunena za nthayo kwa mwamuna. Ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza pang'ono, koma ndinagwira pomwepo ngati womira wagwira bango.

Ndinkadziwanso chinthu china. Masiku anga osesa ndinkawapeza a Jafali atadzuka kale. Ankadzuka kusanache, anthu onse ali m'tulo, n'kupita pamjigo kukasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi kuti apemphere. Nthawi imeneyo ankakhala okha.

Koma kulankhula! Ine amene ndinathawa munthu atangondifunsa dzina. Nanga akakandigwira pamkono n'kupita nane kwa a Tcheyamani? Nanga akafunsa kuti wayala masamba ndani? Nanga pakamwa pakakauma ngati masana aja?

Choyamba ndinachita chimene manja akanatha popanda pakamwa. Ndinamasula luzi lija n'kuponya nthambi zonse m'khola. Mbuzi sizinafunse mafunso. Ndinati amayi akadzapeza palibe, adzayenera kudikira kuyere kuti athyole zina, ndipo nthawi imeneyo ikhala yanga.

Ndikuona Chisomo wayamba kusuntha matako, akufuna adziwe mathero. Mathero mumawadutsa pa njinga yamoto, ana inu. Agogo aakazi aja a chitenje cha nkhanga ena mwa inu munawapeza, anakutafunirani nzimbe, anamwalira ndi ukalamba m'nyumba yawo, ndipo tinawayalira masamba msewu wonse. M'mawa mwake pamjigo paja, a Jafali sanandifunse kuti wayala masamba ndani. Nditamaliza kunena, chibwibwi chili thothotho, anapukuta madzi amene ankadontha m'ndevu. Kenako anangofunsa kuti, "Kuyambira mtengo uti, kulekeza mtengo uti?" Tsiku limenelo obisala aja sanagwire munthu. Thirakitala itafika pa misuku, a Jafali anatsika, anabaya pansi ndi chitsulo uku ndi uku, n'kulengeza kuti pansi apa pali madzi, chitsulo cha bwana chingatitimire. Anakhotera kumunsi, kudzera m'tchire losalambula, minga ikuwakwapula kumaso. Mwezi usanathe anawachotsa, akuti ankachedwetsa ntchito, ndipo sindinawaonenso. Koma dalaivala watsopano anapeza mikwasa ya matayala itakhota kale, ndipo anangotsata momwemo. Milombwa inapita yonse. Abambo anga anamwalira akudziwa kuti pa misuku paja pali madzi pansi, ndipo ankadabwa kuti iwo sanawaone bwanji.

Koma zonsezi ine madzulo a Lachitatu lija sindinkazidziwa. Chimene ndinkadziwa n'choti mbuzi zikutafuna, kunja kukuda, amayi ali m'nyumba akuyatsa koloboyi, abambo akadali pangolo, ndipo mawa galimoto ikhoza kubwera pakhomo pathu. Ndinapukuta misozi ndi mkono, ndinanyowetsa pensulo ndi malovu, ndipo poti maina sindinkalemba, ndinalemba chonchi:

Mawa ndidzuka tambala woyamba, amayi asanadzuke. Nditenga manachesi m'kambale, ndipita pamjigo. Akandifunsa dzina, sindithawa. Ndinena dzina langa, kenako ndiwauza amene wagona.